Mapu a Madala a ku Wigston

Tsiku loyamba kulowa m'nyumba ya madala aja ku Wigston, pafupi ndi tauni ya Leicester ku Mangalande, ndinawalakwira ndisanavule n'komwe jekete. Zinali zaka zingapo mliri wa korona usanabwere, nthawi imene ndinkagwira ntchito ya keya yoyenda khomo ndi khomo: kusambitsa okalamba, kuwapatsa mankhwala, kuwakonzera chakudya, kenako liwiro la ku basi kupita kwa wina. Ku ofesi anangondiuza kuti ndi bambo a zaka za m'ma eyite, akazi awo anamwalira, anadwalapo sitiroko ndipo dzanja lamanzere siligwira bwino. Za mapepala sanandiuze.

Tebulo lodyera linali lodzaza mapepala amitundumitundu, ena atagwera pansi. Ine poti ndinakula ndikudziwa kuti tebulo ndi lodyerapo, ndinawasonkhanitsa onse bwinobwino n'kuwaunjika pa sofa kuti ndipeze poika tiyi. Madalawo atatuluka kuchipinda ndi ndodo yawo, anaima chilili pakhomo, maso ali pa tebulo lopanda kanthu lija ngati aberedwa.

"Mayi," anatero mwapansipansi, "mwasakaniza Norway ndi Switzerland."

Sanandikalipire. Anangokhala pansi n'kumwa tiyi wawo, ndipo ine zinandipweteka kuposa akanandikalipira. M'mawa mwake ndinapepesa n'kuwapempha kuti andiuze mmene ndingawabwezeretsere. Tinatha masiku atatu tikusanja mapepalawo, ine ndikunyamula limodzilimodzi, iwo akuloza ndi dzanja labwinolo. Mmenemo ndi mmene ndinadziwira kuti anali mapu a nkhalango za mayiko osiyanasiyana, ndiponso kuti padziko pano pali masewera otchedwa oriyentiring'i.

Anandifotokozera ngati mphunzitsi, poti kale analidi mphunzitsi wa jogirafe. Munthu amapatsidwa mapu ndi kampasi yolozera kumpoto n'kumulowetsa m'nkhalango imene sanapondemo chibadwire. Pamapupo pajambulidwa timizere tozungulira tamanambala, ndipo pamalo aliwonse oterowo m'nkhalangomo mwabisala kambendera koyera ndi kaolenji. Ayenera kutipeza tonse motsatana, mothamanga. Njira yodzera amasankha yekha. Madalawo anathamanga masewerawa zaka makumi anayi mpaka miyendo inakana.

"Pobiriwirapa ndiye nkhalango?" ndinafunsa.

"Ayi. Nkhalango yabwino kuthamangamo ndi poyerapo. Pobiriwira ndi ziyangoyango. Pachikasu ndi pambalambanda."

"Nkhalango yoyera? Anajambula mapuwa anali ataledzera kapena?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo tinayamba kumvana.

Mwezi wa Julayi utafika, tsiku lina ndinapita masana kukawapatsa chakudya ndipo ndinawapeza atatsamira tebulo, mphuno ili pafupi ndi sikirini ya tabuleti, kompyuta yonyamula m'manja imene mwana wawo wamkazi wa ku Corby anawagulira. Anati supu adikire, lero kuli mpikisano wa akatswiri a dziko lonse, amayi akuthamanga mtunda wautali. Ndinawauza kuti mankhwala awo sadikira akatswiri. Tinagwirizana kuti azidya akuonera.

Ndinkayembekezera kuona anthu akuthamanga. Koma pa sikirinipo panali mapu basi, ndi timadontho tamitundumitundu tikuyenda pang'onopang'ono, kalikonse kakukoka kamchira kumbuyo. Anati wothamanga aliyense wavala kachipangizo kumsana kosonyeza pamene ali. Sanyamukira limodzi ayi, aliyense amanyamuka yekha mnzake atapita kale ndi mphindi zingapo, ndipo odziwa kwambiri amanyamuka kumapeto. Wopambana ndi amene watenga nthawi yochepa.

Ndili mkati modula buledi, anagogoda tebulo ndi supuni.

"Tabwerani muone. Kuchoka pa mbendera iyi kupita pa iyo, pakati pali phiri. Mizere yabulawuni yothithikanayi ndi chitunda. Mukanakhala inu mukanadzera pati?"

Ndinayang'ana. Kumanzere kunali kanjira kolambalala phirilo, kotalika ndithu. Ndinaloza komweko.

"Mwatalikitsa ulendo," anatero. "Atsikana amenewa ndi amphamvu. Amakwera molunjika."

Ndinawauza za kwathu ku Ntcheu. Pakati pa mudzi wathu ndi chigayo panali phiri. Alongo anga ankadzera pamwamba, amvekere ndi pafupi. Ife atsikana, madengu a chimanga ali pamutu, tinkazungulira njira ya ng'ombe, ndipo nthawi zambiri tinkawapeza akupuma pamwala. Kukwera sikunali vuto kwenikweni. Chimene chinkawadyera nthawi ndi kutsetsereka pa miyala, phazi lililonse uyambe waliyang'anira popondapo. Ndipo pamapu awowo, kuseri kwa phiri kunali timadontho takuda tambirimbiri, timene iwo omwe anandiphunzitsa kuti ndi miyala.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Tinadikira. Kadontho kofiira kanakwera molunjika, kabuluu kanalambalala. Kofiira kanatsogola pokwera, kenako kuseri kuja kanayamba kukwawa ngati nkhono. Nthawi zitatuluka, wolambalala uja anali atapulumutsa pafupifupi theka la mphindi.

"Mwayi chabe," anatero madala, koma pakamwa pakumwetulira.

Mwina unalidi mwayi, chifukwa tsiku lotsatira ndinalakwitsa kawiri konse ndipo anasangalala ngati alandira mphatso. Koma mbedza inali itandikola. Tsiku loyamba kuonera mpikisano lija ndinachedwa kwa mayi wina amene ndinkayenera kumuona pambuyo pawo, ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Choncho ndinapita ku ofesi kukapempha chilolezo choti ndizikawachezera pa masiku anga opuma, monga mlendo chabe. Anaimbira mwana wawo, ndipo iye anati, "Chonde, abwere. Ine za mapuzo zinanditopetsa ndili mwana."

Chaka chimenecho ndinaphunzira zambiri. Ndinaphunzira kuti mpikisano ukatha ukhoza kubwezera timadontho tonse poyambira n'kutinyamutsa limodzi, kuti uone pamene wina wamusiyira mnzake. Ndinaphunzira kuwerenga ndandanda ya nthawi za pa mbendera iliyonse, n'kumafufuza pamene munthu wataya masekondi. Madala ankasindikiza mapu, ine ndinkawagwirira pepala kuti lisasunthe, iwo n'kumajambula njira za anthu asanu oyambirira ndi zolembera zosiyana mitundu. Tinkakangana zenizeni. Iwo ankakhulupirira kampasi ndi mzere wolunjika, ine ndinkakhulupirira miyendo yosatopa. Mu basi yochokera m'tauni ya Leicester ndinkakhala maso ali pa foni, ndipo kawiri konse ndinapitirira siteji yanga.

Amuna anga, amene amayendetsa fokolifiti yonyamulira katundu ku weyahausi ndipo mtima wawo wonse uli pa mpira, anasuzumira foni yanga Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi.

"Mayi a ana, ndiye mwayamba kuchemerera nyerere?"

"Si nyerere, ndi anthu."

"Nanga chigoli chili kuti?"

Ndinayesa kuwafotokozera koma anangopukusa mutu, amvekere ku Ulaya kuno munthu ukhoza kupenga mwaulemu anthu osadziwa. Komabe sabata ya mpikisano ikafika ankaphika okha osadandaula.

Wokonda masewera aliyense amakhala ndi wake, ndipo ine wanga anali mtsikana wina wa ku dziko laling'ono la kum'mawa kwa Ulaya. Sanali mwa otchuka aja. Nthawi zambiri ankathera cha m'ma nambala teni. Ndinayamba kumukonda tsiku limene olengeza ananena kuti ndi namwino, ndipo amachita maphunziro ake othamanga akaweruka ku shifiti. Ndinkadziwa mmene miyendo imamvekera ukaweruka ku shifiti. Akafika pomaliza ankagwa chafufumimba pa udzu, kenako n'kudzuka akuseka, miyendo ili mikwingwirima yokhayokha. Madala ankamutcha "namwino wanu uja".

Chilimwe chotsatira, pa mpikisano wa mtunda wautali, namwino wanga anadzuka bwino. Pofika pakati anali patsogolo pa onse amene anali atadutsa, ndipo ngakhale akatswiri onyamuka kumapeto sankamupeza. Ine ndinali nditaiwala tiyi wanga. Chala cha madala chinali pa sikirini kutsatira kadontho kake.

Kutsogolo kwake kunali makhwawa awiri otsetsereka phiri limodzi, oyandikana, ofanana ngati mapasa. Mbendera inali m'khwawa lakumanzere. Kadonthoko kanafika pamwamba, osaima n'komwe, n'kutsikira m'khwawa lakumanja.

"Ayi!" ndinakuwa nditaimirira. "Si mmenemo! Bwerera!"

Kanatsika mpaka pamene mbendera ikanakhala likanakhala khwawa lolondola. Kanaima. Kanapita uku, kanabwerera, kanazungulira. Kenako kanatsikirabe kumunsi, kutalikira. Ndinagwira kumutu. N'zowawa kuona munthu akusochera iwe ukuona bwinobwino pamene ali, mbendera ili chapafupi pomwepo kuseri kwa kamtunda, koma ulibe njira yomuuzira. Anataya mphindi zoposa zinayi asanazindikire. Atazindikira anakwera kamtundako, anaipeza mbendera, n'kupitiriza liwiro lomwe lija ngati palibe chachitika. Anathera kutali kwambiri ndi opambana. Pomaliza sanagwe pa udzu. Anaima n'kumayang'ana mapu ake nthawi yaitali.

Ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu amene anali otsuka kale.

Sabata yotsatira ndinapeza madala atasindikiza mapuwo pa pepala lalikulu, galasi lokuzira zinthu lili pambali.

"Khalani pansi," anatero. "Tipeze pamene analakwitsa."

"Tikudziwa kale. Pa makhwawa paja."

"Pamenepo ndi pamene zinaonekera. Zinayambira kumbuyo."

Tinabwezera kadontho kake mobwerezabwereza. Ine ndi amene ndinaona choyamba: asanafike paphiripo panali kadambo, ndipo pokalambalala anapatukira kumanja pang'ono, moti anawoloka mtsinje chakumunsi kuposa mmene ankaganizira. Madala anaona chachiwiri. Pamalo omwewo anali atangomupeza mtsikana amene ananyamuka patsogolo pake, ndipo liwiro lake linakwera mwadzidzidzi.

"Anafuna kumusiya," anatero. "Ukamupeza mnzako m'nkhalango mtima umalumpha, maso amachoka pa mapu. Masekondi khumi okha akwana."

Kenako anayamba kundiuza za tsiku limene iwonso anachita zomwezo, kalekale ku mapiri a ku Wales. Anasochera mpaka okonza mpikisano anayamba kuzula mbendera. Atatulukira anapeza bwalo lonse lapita, kwatsala akazi awo okha atakhala pa boneti ya galimoto ndi fulasiki ya tiyi. Aka kanali koyamba kunditchulira akazi awo popanda ine kufunsa.

"Iye sankathamanga," anatero. "Ankangoyenda, mapu ali m'manja, ngati akupita ku shopu. Koma kangapo konse ankafika ine ndisanafike. Sanasocherepo n'kamodzi komwe. Tsiku limenelo sanandiseke. Anangonditambasulira mapu pa boneti n'kunena kuti, tandionetsa pamene unali wotsimikiza komaliza."

Anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali ndi dzanja limodzi. Ndinawalandira n'kuwapukutira.

Masamba atayamba kuyoyoka chaka chomwecho, anandiuza kuti sizoona munthu kumadzudzula akatswiri usanagwirepo kampasi. Kunali kampikisano ka anthu wamba Loweruka lina ku nkhalango za ku Charnwood, ndipo mwana wawo anavomera kutitenga pa galimoto. Anandibwereka kampasi yawo yakale yovala pa chala chachikulu. Ndinalembetsa njira ya ongoyamba kumene, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mwana wa ku Ntcheu sangasochere m'kankhalango ka ku Mangalande.

Mbendera zitatu zoyamba ndinazipeza mosavuta, mpaka ndinayamba kuimba kanyimbo. Yachinayi inandionetsa zakuda. Tinjira tinali tambiri kuposa ta pamapu, kapena ndi mmene ndinkaonera ine. Mitengo yonse inafanana. Ndinalowa m'tchire lofika m'chiuno, minga inandikola buluku, ndinaterereka n'kukhala pansi m'matope thapsa. Gogo wina wa imvi mbuu anandidutsa akuthamanga pang'onopang'ono n'kundipatsa moni mwansangala. Patapita nthawi ndithu m'pamene ndinazindikira kuti mapu ndawagwira chadodolido, kumpoto kwaloza kum'mwera. Pa tebulo la ku Wigston nkhalango inkakhala phee kundidikira. Kuno mtima unkagunda m'makutu, thukuta likulowa m'maso, ndipo mizere yonse ija inangosanduka zokhwatchakhwatcha.

Ndinafika pomaliza ndili mwa otsiriza. Madala anali m'galimoto, chitseko chili chotsegula, bulangete lili pa maondo. Mwana wawo ataona matope anga anaseka mpaka kugwira galimoto. Madala sanaseke. Ananditambasulira cholembera chofiira.

"Jambulani mmene mwadzera. Zoona zokhazokha, ndi pozungulira pomwe."

Ndinajambula. Njira yanga pa mbendera yachinayi inkaoneka ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Anaiyang'ana ndi galasi lawo mofatsa, chimodzimodzi mmene ankayang'anira njira za akatswiri.

"Apa," anatero akuloza pakati pa yachiwiri ndi yachitatu, "mwasiya njira n'kutsata mpanda wamiyala. Ndani anakuuzani?"

"Palibe. Ndinaona kuti mpandawo ukafika pomwepo."

"Ongoyamba kumene sachita zimenezi. Apa mwaganiza bwino kwambiri."

Za yachinayi anati tikambirana ndikauma. Ndinakhala kumbuyo kwa galimoto pa pepala lapulasitiki, ndikunjenjemera ndi kuzizira, koma ndikumwetulira ndekha ulendo wonse.

M'nyengo yozizira madala anagwa kubafa. Sanathyoke, koma mwana wawo anaona kuti kukhala okha sikuthekanso, ndipo anawapezera malo ku nyumba yosamalira okalamba ku Corby, pafupi ndi kwake. Ine ndinawathandiza kulongedza. Ntchito yanga pa iwo inathera pomwepo, ndipo ku ofesi anandipatsa munthu wina pa nthawi yawo ija. Kwa milungu ingapo ndinkati ndikadutsa pa msewu wawo miyendo inkafuna kukhotera yokha.

Tinkaimbirana foni mwa apo ndi apo. Mawu awo anayamba kuchedwa, ndipo mwana wawo anandiuza kuti maso nawo akufooka, moti tabuleti sakuigwiranso. Chilimwe chitafika ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, n'kukwera basi ya ku Corby pa tsiku la mpikisano wopatsirana, umene dziko lililonse limaika amayi atatu othamanga motsatizana. Umenewu ndiye amanyamukira limodzi, ndipo woyamba kufika ndiye wapambana.

Ndinawapeza pa mpando wa pawindo, ataonda, juzi ikuwakulira. Anandizindikira mawu ndisanafike pafupi.

"Mwabwera ndi mapu?"

"Ndabwera nawo, bambo. Koma muwaona?"

"Ndikuona utsi wokhawokha. Mundiuza inu. Muyambe ndi nkhalangoyo, osathamangira anthu."

Ndinakoka mpando, ndinatsegula mapuwo pa foni yanga n'kuyamba. Ndinawauza kuti malowo ndi a timapiri ting'onoting'ono tambiri, pakati pake madambo, kumpoto kuli matanthwe, njira n'zochepa. Anatseka maso n'kumagwedeza mutu. Ankafunsa mafunso: mizere yatalikirana bwanji, dambolo ndi lowolokeka kapena ayi, dzuwa lili mbali iti. Mpikisano utayamba ndinkawauza kadontho kalikonse pamene kali, ndipo iwo ankaneneratu zimene zichitike. "Ameneyo akafika pa thanthwe aima." Ndipo ankaimadi. Penanso ankaphonya, ine n'kuwauza mosabisa, iwo n'kudzuma.

Pofika kwa othamanga omaliza, mayiko atatu anali limodzi, phazi ndi phazi. Patatsala mbendera zochepa anagawikana: awiri analowa m'dambo molunjika, mmodzi anakhotera kumtunda yekha. Apa ndiye ndinaiwala kumene ndinali. Zaka zonsezi ine ndi madala tinkayankhulana m'Chingerezi, koma pamenepa Chingerezi chinandithawa.

"Taonani uyo! Wakwera yekha, mayo ine! Thamanga mwana iwe, usacheuke! Enawo atitimira m'matope, thamanga!"

Pakhomo panasuzumira mayi wina wovala yunifolomu ya pamalopo, atanyamula mathawulo, maso ali tong'o.

"Imwe amai, ni ndani wamene mukalipila so?" anafunsa m'Chinyanja cha ku Zambia.

Ndinachita manyazi, ndinayamba kupepesa kwa onse awiri, n'kuyesa kubwerera ku Chingerezi. Madala anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwino lija. Anali akuseka, misozi ikutsika.

"Musasinthe," anatero. "Pitirizani m'chinenero chanucho. Ndikumva zonse. Wakumtundayo akutsogola, si choncho?"

Ndinapitiriza m'Chichewa mpaka pomaliza. Mayi wa ku Zambia uja anaika mathawulo pa bedi n'kuima kumbuyo kwanga, ndipo posakhalitsa nayenso anayamba kukuwa nawo, ngakhale sankadziwa kuti kadontho kati ndi ka dziko liti. Wakumtunda uja anatulukira pa mbendera yomaliza ali patsogolo ndi masitepe ochepa chabe, ndipo anawasunga mpaka pa mzere.

Phokoso litatha, mayiyo anakatitengera tiyi ndi mabisiketi. Madala anapempha kuti ndiwafotokozerenso gawo lomalizalo pang'onopang'ono, tsopano m'Chingerezi, kuyambira pamene atatuwo anagawikana. Ndinatenga chala chawo n'kuchiyendetsa pa sikirini, kudutsa m'mphepete mwa dambo, kukwera kamtunda, kutsikira ku mbendera. Tinabwereza kawiri. Kachitatu ndinaona kuti mutu wawo wayamba kulemera ndi tulo, ndipo chala chinangotsalira m'dzanja langa. Ndinawafunditsa bulangete, ndinatsanzika mayi wa ku Zambia uja, n'kutuluka kukadikira basi ya ku Leicester dzuwa likadali pamwamba.